Makina Amene Ankasoka Okha

Mphekesera inayambira ku saluni, monga zimayambira nkhani zonse za mumsewu uja. Ankati makina osokera a Atelala ayamba kusoka okha usiku, ndipo usiku uliwonse umene asoka, mwana wawo wamkazi amadzuka atachepako thupi. Ena ankathira mchere kuti mayiwo anakatenga mankhwala a bizinesi, ndiye mankhwalawo akudya mwana. Zamankhwalazo mwina ndi kaduka chabe, paja ntchito ikamakuyendera anthu sasowa chonena. Koma za makinazo musafulumire kutsutsa, chifukwa anaziyambitsa ndi Mayi a Saluni, ndipo khoma la chipinda chawo chogona ndi lomwelo la shopu ya Atelala. Mayi amenewo bodza amanena ndithu, koma makutu ali nawo akuthwa.

Nyumba ya Atelala inali yaing'ono: shopu kutsogolo, kanjira kopapatiza mkati, zipinda ziwiri, khitchini kumbuyo. Amuna awo ankayendetsa mabasi a usiku, moti pa sabata ankagona pakhomo kawiri. Mwana woyamba anali atakwatiwa miyezi isanu ndi itatu yapitayo. Pakhomo panatsala wachiwiri, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, amene msewu wonse unkamutcha Kabanzi chifukwa cha masaya ake. Kuyambira ali khanda, aliyense wobwera kudzayesa chovala ankayamba watsina tsaya la mwanayo asanavule nsapato.

Lolemba lina Mayi a Saluni analowa m'shopu muja chipeso chili m'mutu.

"Aneba, mufuna kutisiya tonse paumphawi? Usana kusoka, usiku kusoka."

"Ine ikangokwana sikisi ndatseka," anatero Atelala, mapini ali kukamwa.

"Nanga amaponda makina pakati pa usiku ndani? Masabata atatu tsopano. Mwamuna wanga mpaka wasiya mkonono, akumvetsera."

"Ndi filiji yanu imeneyo, inakalamba."

Mayi a Saluni anakhala pa mpando wa makasitomala osauzidwa, natsitsa mawu. "Filiji ndiye filiji. Koma dzana ndimamuluka mwana wanu, tsitsi likungotsalira m'chipeso ngati ndikusosola nkhuku. Khosi ngati la botolo. Mwamuona bwino mwana uja?"

"Akutalika basi. Siketi yake ya sukulu ikumukhala bwinobwino m'chiuno. Akanawonda ikanagwa."

Atelala ankakhulupirira chovala kuposa maso awo. Zaka makumi awiri ali pa makina, anaona anthu akukoka mimba poyezedwa, ena akunamizira galasi, koma siketi sinawanamizepo. Mwana wawo ankavala juzi yaikulu ngakhale kutentha, nkhope itatalika, koma m'mawa uliwonse akamatuluka iwo ankaponya diso m'chiuno, napeza siketi yagwira pamalo pake. Mtima unkakhala pansi. Chakudya nachonso chinkatha. Kabanzi ankatenga mbale n'kupita nayo kuchipinda kuti adye akuwerenga, ndipo mbaleyo inkabwerako yoyera.

Usiku wa Lolemba lomwelo sanagone. Anazima nyale, nagona chagada kumvetsera nyumba yawo. Mpopi wa kukhitchini unkadontha. Malata ankathetheka pamene ankazizira. Kutali galu anauwa kawiri n'kuleka, galimoto ina inadutsa ikuwalitsa denga, kenako kunangoti zii, mdima wokhawokha, woti ngakhale dzanja lako suliona. Anayamba kudziseka kuti amvera zamiseche. Tulo titangoyamba kuwakoka, anamva.

Tchaka tchaka tchaka tchaka. Kenako chete.

Anawerenga mumtima mpaka makumi awiri. Tchaka tchaka tchaka tchaka. Chetenso.

 Makinawo anali awo, ankadziwa kulira kwa chopondera chake monga mayi adziwira chifuwa cha mwana wake. Koma chimene chinawaumitsa thupi chinali kasokedweko. Munthu wa ntchito sasoka choncho, amaponda mpaka msoko uthe. Kuponda pang'ono, kuima, kumvetsera, kupondanso, ndi kasokedwe ka munthu amene sakufuna kuti wina adzuke. Atelala ankakadziwa kasokedwe kameneko chifukwa anasokapo choncho iwo eni, pa makina omwewo, nthawi ngati yomweyo.

Apa pafunika tibwerere ku ukwati wa mwana wawo woyamba uja. Kabanzi anali mmodzi wa operekeza mkwatibwi, ndipo nsalu ya madiresi awo anabweretsa ndi akuchimuna. Tsiku loyeza, shopu itadzaza azimayi, Atelala anazunguliza tepi m'chiuno mwa mwana wawo natchula mokweza monga amachitira ndi aliyense kuti wolemba amve.

"Mainchi 34."

Azakhali a mkwati, mayi wa pakamwa posatseka, anaomba m'manja. "Uyu ndiye atimalizira nsalu. Mumamudyetsa chiyani, yisiti?"

Shopu yonse inafa ndi phwete. Kabanzi nayenso anaseka, madzulo ake n'kudya mpunga mbale ziwiri. Amene zinawalowa mumtima ndi amayi ake. Ankaona kale m'maganizo zithunzi za ukwati, atsikana asanu owongoka ngati makandulo, pakati pawo mwana wa telala mwiniwake zipi ikulira. Anamuuza kuti achepetseko buledi, mwana anangowakumbatira n'kupitiriza kutafuna. Ndiye anakumbukira chimene ntchito inawaphunzitsa, kuti mkazi akhoza kutsutsa mawu ako, koma zipi ikakana kukwera amakhala chete.

Usiku wina mwana ali m'tulo anatenga siketi yake ya sukulu pa chingwe, naibweza theka la inchi mbali iliyonse. M'mawa anamumva akulimbana nayo kuchipinda. Patatha masabata awiri anaibwezanso. Anachita zimenezi kanayi. Kabanzi anasiya buledi, anasiya shuga, anasiya kuseka patebulo, ndipo sabata iliyonse imene wadzimana ankapeza siketi ikumuthinabe. Pa ukwati diresi linalowa ngati madzi, mainchi 30, ndipo azakhali omwe aja anamugwira mapewa namuzunguliza pamaso pa anthu. "Onani, banzi lasanduka bisiketi." Atelala anasiya kubweza kuyambira tsiku limenelo, naganiza kuti nkhani yatha. Siketi ija sanaigwirenso. Mwana atayamba kudzichapira yekha zovala, iwo anakondwa.

Tsopano anagona chagada, akumva ntchito yawo yomwe ikusokedwanso mumdima, iwo ali pabedi. Anafunda kumutu mpaka kunacha.

M'mawa anapeza makina atavindikiridwa bwinobwino. Koma dzulo lake anaweruka akusoka diresi loyera, ndipo atatsegula pansi anapeza mu bobini, kagudumu kosunga ulusi wapansi, muli ulusi wabuluu wodera, mtundu wa yunifolomu. Anaugwira, naubwezera msanga ngati wotentha.

Kukhitchini Kabanzi anali atawakonzera kale tiyi wa mkaka, shuga masupuni atatu, buledi atapaka majarini mokhuthala. Iye anagwira kapu ya madzi otentha ndi manja awiri, zala zitabisala m'mikono ya juzi.

"Unamvako chilichonse usiku?"

"Ayi, Amayi. Idyani, tiyi azizira."

"Nanga iwe?"

"Ndadya kale mukusamba."

Kuti angakhale mwanayo, Atelala sanafune n'kuganiza komwe. Kabanzi ankadana ndi makina, batani lenileni ankabwera nalo kwa amayi ake. Madzulo atatseka shopu anavula lamba wa makina, uja amalumikiza chopondera ndi gudumu, namukulunga n'kumuika pansi pa pilo. Popanda lamba, ponda usaponde, singano siyenda.

Usiku umenewo kunali kamphepo. Chitseko cha bafa chinkagogoda pang'onopang'ono, pepala lina linkakwekwereza pabwalo. Atelala anagwira lamba uja pansi pa pilo ngati agwira dzanja la munthu. Nthawi inapita, mpaka anayamba kukhulupirira kuti apambana.

Tcha.

Anadikira.

Tcha. Tcha.

Singano inkatsika kamodzikamodzi, mwaulesi, ngati munthu wodwala akuyenda m'chipinda. Chinthucho chinkazunguza gudumu ndi dzanja. Atelala anadzuka, natuluka m'kanjira muja akupapasa khoma. Pansi pa chitseko cha shopu panalibe kuwala kulikonse. Anaima pomwepo, mphuno pafupi ndi thabwa, nanong'ona.

"Ndani?"

Singano inaima. Mkatimo munali kupuma, kopepuka, kofulumira, ngati kwa kambalame kogwidwa m'manja. Anaima choncho onse awiri, wina uku wina uko, thabwa lili pakati. Atelala anabwerera chafutambuyo. Podutsa pa chitseko cha mwana wawo anagwira chotsegulira, koma sanachipotoze. Ankaopa kumupeza pabedi, ankaopanso kusamupeza.

Lachitatu kunatentha, ndipo kasitomala wina, mphunzitsi wodzimva, anatseka mphuno ndi mpango ali pakati poyesa bulauzi.

"Mwafa khoswe muno, Atelala."

Fungolo Atelala anali atalimva kwa masiku, koma ankanamizira ngalande ya panja. Kasitomala atapita anatsata ntchentche mpaka pansi pa tebulo lodulira, pamene pankakhala thumba lalikulu la zigamba zotsala. Analikoka, nalipeza lolemera kuposa nsalu. Pamwamba panali zigamba ndithu. Pansi pake panali timitolo, kalikonse kokulungidwa m'kachigamba n'kumangidwa bwino ndi ulusi, tambirimbiri, tina touma gwa, tina tonyowa. Anamasula kamodzi ndi sizasi. Mpunga wa nkhungu. Kena dzira lowiritsa, lobiriwira. Kena nyama ndi mbatata, mphutsi zikuyendamo.

Tsoka lake, Mayi a Saluni anasuzumira nthawi yomweyo kudzabwereka singano. Anaona timitolo tili mbwee pansi, nagwira pachifuwa, nabwerera osatembenuka. Dzuwa lisanalowe msewu wonse unali utamva kuti kwa Atelala kwapezeka zithumwa makumi asanu, ndipo pofika ku golosale zinali zitakwana zana limodzi, china chili ndi tsitsi la mwana.

Atelala anakhala pansi pakati pa timitolo tija. Kalikonse anakazindikira. Karoti wodula mopingasa ndi kadulidwe kawo. Nyama ija anaphika Lamulungu lapitalo, namuikira mwana nthuli yabwino. Mbale zonse zoyera zija zinathera muno, pansi pa tebulo limene iwo ankaimapo tsiku lonse.

Madzulo amenewo amuna awo anali pakhomo. Anawaonetsa thumba lija kuseri kwa nyumba. Bamboyo anayang'ana, nalavula.

"Matama awa. Ine ndikuswa msana usiku wonse pamsewu kuti chakudya chizidyedwa ndi mphutsi?"

"Bambo ake Kabanzi, mwana akudwala."

"Akudwala chiyani? Wayamba zibwenzi ameneyu, akufuna chiuno cha mavu. Lero adyera pano ndikuona."

Patebulo anamuikira Kabanzi mpunga ndi nyemba, bambo ake atakhala moyang'anana naye, manja atapinda. Kabanzi anagawa mpungawo timagulu ndi supuni, natisuntha uku ndi uku.

"Adadi, m'mimba mwadzaza."

"Mwadzaza mphepo. Kweza supuni."

Anadya masupuni asanu misozi ikugwera m'mbale, akumeza ngati akumeza miyala. Atatha anapita kubafa, ndipo mpopi unatsegulidwa nthawi yaitali.

"Mwaona? Nkhani yatha," anatero bamboyo akuvula nsapato. "Mumangomulera ngati dzira."

Atelala anatsegula pakamwa kuti anene za siketi. Anayang'ana msana wa amuna awo, natsekanso.

Lachinayi bambo anabwerera ku mabasi awo. Atelala anabwezera lamba pa makina. Atazima nyale zonse sanapite kuchipinda, analowa m'shopu nakhala pansi pakona, kuseri kwa madiresi opachika amene eni ake anali asanabwere kudzatenga. Madiresiwo ankawakhudza kumaso ngati anthu oimirira opanda mitu. Nyale ya mumsewu inkalowa pampata wa katani, kamzere kamodzi kachikasu kogwera pa mpando wa makina. Miyendo inachita dzanzi. Wotchi ya pakhoma inkagunda mokweza kuposa masana.

Chitseko chinatseguka popanda phokoso. Mapazi sanamveke n'komwe. Chinthu choyera chinadutsa mumdima, chinaima kupuma chitagwira tebulo, kenako chinakhala pa mpando paja, m'kamzere ka kuwala.

Anali Kabanzi, wopanda juzi, atavala kamalaya kogonera ka zingwe. Amayi ake anali asanaone mapewa ake kwa miyezi isanu ndi umodzi. Mafupa a msana anatuluka mondondozana ngati mabatani a diresi la ukwati. Mikono inali ngati miyendo ya mpando, ndipo pa iyo panamera ubweya wofewa umene unkawala ndi nyale ija. Anatembenuza siketi ya sukulu kunja kukhala mkati, naiika pansi pa singano, napapasa ndi chala posaka poyambira. Anaponda kanayi. Anaima, natembenuzira khutu ku chipinda cha amayi ake. Anapondanso.

Kachitatu phazi linakana. Analikankha ndi dzanja pa bondo, chopondera chinatsika theka n'kubwerera. Mutu unagwera kutsogolo pang'onopang'ono mpaka chipumi chinagunda makina, thupi n'kuyamba kutsetsereka chammbali.

Atelala anamuwakha asanafike pansi. Anakonzekera kulemera kwa munthu, koma m'manja mwawo munagwera chinthu chopepuka ngati mtolo wa nsalu za makatani, chozizira. Anakuwa mpaka Mayi a Saluni anabwera ndi amuna awo, ndipo tinene zoona, mayi wamiseche yemweyo ndi amene anathamanga wopanda nsapato kukadzutsa bambo wina wa mumsewumo amene anali ndi galimoto.

Kuchipatala anamuika madzi a m'mitsempha. Namwino wina wachikulire anawatengera Atelala pakhonde.

"Mtima wake ukugunda pang'onopang'ono kwambiri. Mukanachedwa sabata ina, sindikudziwa. Mayi, awa si matama, si zamatsenga. Ndi matenda, ndipo timawaona. Mwana amaopa chakudya monga inu muopera moto, akadziyang'ana amaona thupi limene inu simukuliona. Kumukalipira sikuthandiza. Kuchira kulipo, koma ndi ulendo wautali, ndipo pakhala wina woti azicheza naye, inunso azicheza nanu. Chinayambitsa n'chiyani, mukudziwapo?"

"Sindikudziwa," anatero Atelala.

Tsiku lachitatu m'chipatalamo Kabanzi anatha kukhala tsonga atatsamira mapilo. Pa kabati panali kapu ya mkaka imene namwino anati ithe isanakwane teni. Atelala anatseka makatani ozungulira bedi, natulutsa siketi ija m'chikwama. Anali atabwera nayo osadziwa chifukwa chake. Anaiyala pa maondo mkati muli kunja. Mbali iliyonse misoko inandandalikana ngati mizere ya m'kope. Inayi yakunja inali yowongoka, yosalala. Isanu ndi iwiri yamkati inali yokhotakhota, ulusi utapota mfundo. Anatulutsa tepi nayeza chiuno. Mainchi 23.

"Unaphunzira liti kusoka?"

"Ndinkakuonerani." Mawu a mwanayo anali ngati ochokera chipinda china. "Inayamba kugwa, Amayi. Ndinadziwa kuti mukaona yagwa mudzandikakamiza kudya. Inu mumangoyang'ana m'chiuno."

 Kuseri kwa katani wina ankakoka ndowa, wina ankatsokomola.

"Mwanawe, ndikuuze chinthu. Bambo ako sakudziwa, mkulu wako sakudziwa. Nthawi ya ukwati ija, pamene siketi inkakuthina, sunanenepe ayi. Ndinkaibweza ndine, usiku, iwe uli m'tulo. Ndinkafuna ulowe m'diresi lija anthu asatiseke. Thupi lako linalibe vuto. Ndine ndinalakwa."

Kabanzi anawayang'ana ndi maso aja amene tsopano anakula kuposa nkhope.

"Akuuzani ndi anamwino kuti munene zimenezo?"

"Palibe wandiuza. Taona wekha." Anamuika siketi pamiyendo, natenga chala chake chozizira n'kuchiyendetsa pa misoko yowongoka ija. "Dzanja ili sukulidziwa? Ndi langa."

Mwanayo anayendetsa chala yekha, pang'onopang'ono, kuchokera m'chiuno mpaka pansi. Milomo inkagwedera ngati akuwerenga. Atelala anadikira kuti alire, kapena awatukwane, kapena awaponyere kapu ija kumaso. Chilichonse mwa zimenezi akanachilandira ndi manja awiri.

"Munabweza kangati?"

"Kanayi."

Kabanzi anatsamiranso pa pilo natseka maso.

"Ine inandithina kasanu," anatero motsitsa. "Ndinkawerenga. Ndiye kuti kachisanuko ndinanenepadi."

Atelala anaweramira pa siketi ija nawerenganso misoko yawo, mbali iyi ndi mbali inayo, mwina anaiwala umodzi. Inali inayi. Pa kabati mkaka unali utayamba kuchita kachikopa pamwamba, ndipo nthawi inali itatsala pang'ono kukwana teni.